Yankho kwa amalume pa za kolesterolo

Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumvera, ndipo chithunzi cha pepala la magazi mwaponya pagulupa ndachiona. Mukuti patha miyezi itatu musakukhudza nsima, buledi, mpunga ngakhale shuga, mukudalira mazira, nyama yonona ndi batala, thupi latsika makilo 8, koma kolesterolo wakwera, ndiye mukufunsa ngati zili zoopsa. Tengani pepalalo tiwerengere limodzi.

Pamzere wa triglycerides, omwe ndi mafuta oyenda m'magazi, mwachoka pa 2.4 mwafika pa 1.1. Apo zili bwino kwambiri, timafuna pakhale pansi pa 1.7. Chiwindi chimapanga mafuta amenewa kuchokera ku shuga ndi sitachi wotsalira m'thupi, ndiye mukadula nsima ndi shuga amagwa msanga. HDL, imene amaitcha kolesterolo wabwino, nayo yakwera kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.4, ndipo pa kadyedwe kameneka zimatero kawirikawiri.

Tsono LDL, imene amaitcha kolesterolo woipa, ndi imene yandidetsa nkhawa, amalume. Inali 3.1, pano ili 5.2. Imeneyi ndi imene imalowa m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana mwakachetechete zaka ndi zaka, munthu osamva kupweteka paliponse, mpaka tsiku lina mtsempha wa kumtima kapena wa ku ubongo watsekeka. Timafuna ikhale pansi pa 3, ndipo ikafika 4.9 si yodikiranso ayi. Wina akakuuzani kuti HDL yokwera imafafaniza LDL, musavomere.

Chimene chimaikweza ndi ichi. Chiwindi chili ndi timisampha tokola LDL m'magazi. Mafuta oundana akazizira aja, ngati batala, kirimu, mafuta a kokonati, oyera a pa nyama ya nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe, khungu la nkhuku, amachepetsa timisamphato, ndiye LDL imangozungulira m'magazi yosachotsedwa. Chachiwiri, mwasiya nyemba, nandolo ndi zipatso. Zimenezi zikafika m'matumbo zimagwira ndulu n'kutuluka nayo, ndiye chiwindi chimatenga kolesterolo m'magazi kuti chipange ndulu ina. Komanso thupi likamatsika mofulumira, LDL imatha kukwera kwa kanthawi. Koma kukwera kwanuku n'kwakukulu, tisakuponyere pa kuondako basi.

Sindikunena kuti mubwerere ku mitanda itatu ya nsima, ayi. Sinthani mtundu wa mafuta. Batala achoke, muziphikira mafuta a mpendadzuwa kapena a soya. Peyala theka patsiku, mtedza wodzaza dzanja limodzi, ndiwo zamasamba zotendera ndi nsinjiro. Nsomba kawiri kapena katatu pa sabata, usipa, matemba, chambo, zowotcha kapena zamsuzi. Nyama muzisenga mafuta musanaike mumphika, ndipo ya pachiwaya ija mupume kaye. Therere lidyeni kawirikawiri, kutelera kwake kuja ndi kumene kumagwira ndulu. Bwezeretsaninso nyemba theka la kapu patsiku, kapena mbatata imodzi yaing'ono. Kwa anthu ena, makamaka ochepa thupi, kasitachi pang'ono kotereka kamatsitsa LDL moonekeratu.

Pepalalo pitani nalo kwa dokotala sabata ino, musadikire. Mukapemphe akuyezeninso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mofooka LDL imakwera, akaonenso shuga ndi BP. Azakhali ndi amayi, inu amene mukuwadziwa akuluakulu athu, tithandizeni: alipo pamtundu pathu amene anadwala mtima kapena sitiroko ali wamng'ono, mwamuna asanakwane zaka 55, mkazi asanakwane 65? Pali kolesterolo wa kumtundu, amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo ameneyo zakudya zokha sizimutsitsa mokwanira. Dokotala akanena za mapiritsi otsitsa kolesterolo otchedwa statin, monga atorvastatin, musawaope.

Mukasintha kadyedweka, mukayezetsenso pakatha masabata 8, thupi litasiya kutsika. Mupite m'mawa musanadye, patadutsa maola 10 mpaka 12 mukumwa madzi okha, ndipo kukhale komwe munayezetsa poyamba kuti manambala afanizike bwino.

China, ngati alipo pagulupa amene akufuna kutengera amalume koma amamwa mapiritsi a matenda a shuga a glibenclamide kapena amadzibaya insulin, asadule nsima payekha. Shuga amatha kugwa mpaka munthu kukomoka, ayambe waonana ndi dokotala amusinthire mlingo wa mankhwala.