Kodi nkoyenera kutola mbewu zonse pansi pa mtengo umodzi?

FUNSO: Akonzi, ndine mlembi wa kalabu ya nazale kuno ku Namwera, m'boma la Mangochi. Mbewu zathu zonse za mbawa timatola pansi pa mtengo umodzi waukulu wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo mbande tikufuna kukabzala kumtunda komwe kunalibe mbawa. Mnzathu wina akuti tikulakwitsa. Kodi akunena zoona?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo akunena zoona, ndipo tikukupemphani kuti mumumvere.

Mbande za mtengo umodzi ndi ana a mimba imodzi, chibadwa chawo nchofanana kwambiri. Ngati mayiyo sapirira ng'amba kapena mbozi yoboola nsonga, yomwe imavutitsa mbawa kwambiri, ana ambiri angatengere kufooka komweko, ndipo akadzakula nkumaberekana okhaokha, mbewu zawo zimamera mofooka.

Zoterezi zimachitikanso m'chilengedwe pamene mitengo ikufalikira kumalo atsopano chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Patsogolo pamafika mbewu zochepa zouluzika ndi mphepo kapena zonyamulidwa ndi mbalame, anyani ndi njovu, motero nkhalango yonse yatsopano imatha kuchokera kwa makolo owerengeka. Chomwe chimaipulumutsa ndi mungu wochokera kumitengo yakutali, umene tizilombo, mphepo ndi mileme (monga imachitira mileme pa mlambe) zimabweretsa pang'onopang'ono. Ku Ulaya, madzi oundana omwe adakuta dera lalikulu la kumpoto atasungunuka zaka zoposa 10,000 zapitazo, mitengo ikuluikulu ya kumeneko yotchedwa oak idafalikira kumpoto kuchokera ku Spain, Italy ndi Balkans (dera la kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya), ndipo komwe mitengo ya magwero osiyanawa idakumana, chibadwa chidasakanikirana. Koma izi zidatenga zaka zikwizikwi, nthawi yomwe ife tilibe, makamaka pomwe makala ndi nkhuni zoumikira usipa zikusiya mitengo itatalikirana kwambiri, moti mungu umavutika kufika.

Choncho tolani mbewu kumitengo yathanzi yosachepera 30, yotalikirana mamita 50 mpaka 100, mutenge zofanana kuchuluka pamtengo uliwonse, kenaka musakanize. Muonjezereko za mitengo yomwe ikuchita bwino pamalo ouma, poti mbawa imakonda chinyezi ndipo kumtunda madzi ndi ochepa. Mbewu za mbawa sizichedwa kufa, ndiye muzifese msanga m'machubu. Bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba limasunga mbewu zodziwika gwero lake, ndipo ndi bwino kulifunsa nyengo yobzala mitengo isanayambe pa 15 Disembala.