Musamuletse mwanayo achemwali, ine Freddy anandiphunzitsa

Achemwali, ndawerenga ndemanga zili pansi pa funso lanuli mpaka manja akunjenjemera. Mtsikana wanu akufuna kudzakhala wolengeza zanyengo pa TV, ena m'gulu muno akuti amenewo ndi abodza olipidwa. Mawu amenewo ine ndinawamvapo kale pakamwa pa munthu wamkulu ndithu, ndipo anatipweteketsa.

Ine ndimakhala mbali ya ku Muloza, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Sabata ya namondwe Freddy ija a nthambi yoona zanyengo anachenjeza kudakali masiku. Ndinaonera ndekha pa TV, munthu ataima kutsogolo kwa mapu akuloza chinthu chozungulira chili panyanja kufupi ndi Mozambique, akutchula maboma akummwera, Mulanje ndi Phalombe momwemo. Uthenga womwewo unabweranso pa WhatsApp. Loweruka pa 11 Marichi 2023 namondweyo analowera cha ku Quelimane, ndipo Lamulungu kuno mvula inali itagwira kale, yosadukiza.

Ndinafunda pulasitiki kupita kwa bambo wina wa m'komiti ya zangozi ya m'mudzi mwathu, amene ankasunga megafoni. Ndinamupeza akuwotha moto pakhonde, chinangwa chili pamakala. Ndinati bambo, a zanyengo akuti tisamuke m'malo otsika, tazungulirani m'mudzimu anthu amve. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Akuti mayi, amenewo amangolota ali mu ofesi ku Blantyre, ife tinabadwira pansi pa phiri lino, mvula timaidziwa. Kenako anaulula kuti megafoniyo ilibenso mabatire, inathera ku chinkhoswe cha mphwake. Chinkhoswe! Chinthu choti chipulumutse mudzi chinakathera poitanira anthu operekera ndalama m'lichero.

Usiku umenewo magetsi kunalibe, netiweki inkabwera n'kumapita, TV ija inangokhala bokosi pakona. Chimene sindidzaiwala si madzi ayi, ndi phokoso. Kuphiri kunkamveka ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, pansi pakunjenjemera, mbale zikugundana mu kabati. Apongozi anga, amene anamva za kusefukira kwa madzi ku Phalombe mu 1991 ali mayi wa ana kale, anangoti, "Napolo uyo, nyamulani ana." Nditatsitsa phazi pabedi ndinaponda madzi ozizira ofika m'akakolo, onunkha dothi ndi zimbudzi. Tochi ya pafoni inaonetsa thumba la ufa likuyandama pabalaza. Wamng'ono ndinamubereka ndi zitenje ziwiri, wamkulu anagwira siketi yanga, amuna anga anabereka mayi awo. Potuluka, khoma la khitchini linangokhala pansi, phuu, osachita n'kugwedezeka kaye. Tinkayenda osaona njira, kutsata mawu a anthu okuwa kutsogolo, matope akutivula nsapato. Mwana wamkuluyo anaterereka, ndinamugwira tsitsi. Mpaka lero akamva bingu amalowa pansi pa tebulo. Tinakafika kusukulu kukuyera. Mbuzi, nkhuku, chimanga chimene chinali chitatsala pang'ono kukhwima, zonse zinapita. Ife tinatuluka amoyo, koma m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ena mwa iwo ndinkagula nawo tomato pamsika wa Limbuli.

Ndiye bambo uja tinakumana naye kukampu, ali patsogolo ndi kope, akulemba maina a olandira mabulangete. Anali kuuza alendo kuti chenjezo silinawafikire bwino. Ndinaluma mlomo mpaka magazi. Sanapepese mpaka lero, ndipo tikakumana panjira amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Choncho munthu asandiuze kuti ntchito imeneyi ndi yachabe. Amene anaima pa mapu uja ananena zoona, amene anatilakwira anali pafupi.

Koma mumuuze mwanayo kuti za pa TV zija ndi mphindi zochepa chabe za kumapeto. Kumbuyo kwake kuli anthu oyeza mvula m'mamilimita m'mawa uliwonse kumasiteshoni monga Mimosa kuno ku Mulanje ndi Bvumbwe ku Thyolo, kuli zithunzi za setilaiti, kuli malipoti ochokera ku chilumba cha Réunion kumene amalondola anamondwe a m'nyanja ya India mbali yathu ino. Freddy anamutsata kwa masiku 36 chichokereni kufupi ndi Australia. Zonsezo n'zamasamu ndi Physics, ndiye ngati akungosirira suti ndi kamera adzagwa ulesi msanga. Mwayi wake sukulu ili pakhomo: yunivesite ya MUST ya ku Ndata, ku Thyolo komweku, imaphunzitsa digiri ya zanyengo. Alimbikire maphunziro a sayansi pa MSCE.

Komanso kuno n'kovuta kulosera, asadzadabwe akamadzatukwanidwa. Phiri la Mulanjeli limapanga nyengo yakeyake. Mphepo yachinyontho ikachokera kunyanja imagunda phiri n'kukhuthula mvula mbali ya minda ya tiyi, pamene kuseri ku Phalombe kuli gwaa. Chiperoni chimatha kukuta Thyolo masiku atatu, ku Nchalo anthu akupsa ndi dzuwa. Wolengeza akanena kuti madera ena akummwera alandira mvula, munthu amene kwake sikunagwe amati wanama. Anamondwe Ana, Gombe ndi Freddy atabwera motsatizana, kenako ng'amba ya El Niño n'kutiwotchera chimanga mu 2024, anthu mitima inawawa ndipo mkwiyo amauthira pa nkhope imene amaiona pa TV.

N'chifukwa chake ine, kunena chilungamo, akanakhala wanga ndikanamuuza kuti nkhope yake asaiike pa kanema. Aphunzire, inde, koma adzalankhule pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, potchula maina a mitsinje: Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila. Agogo akumudzi mapu a pa TV sawaona, ndipo magetsi ndi amene amayamba kuthawa mvula ikakula. Ndipo inu nonse a m'mphepete mwa mitsinje, musamadikire kuti wa zanyengo anene kaye. Ine masiku ano mvula ikagwa usiku wonse ndimadzuka kukayang'ana Ruo ndekha. Madzi akasanduka ofiira n'kuyamba kubweretsa mitengo yamizu, sindifunsa munthu, ndimatenga ana kupita kumtunda. Mabatire a kawailesi ndimasunga m'botolo lotseka pamwamba pa kabati, pamodzi ndi ziphaso ndi mabuku a kusikelo.