Mlatho wa Dona Ana uli ku Mozambique, koma ngongole yake inali yathu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangula. Akuti agogo awo aamuna, omwe anagwirako ntchito ya njanji, ankakonda kunena kuti mlatho wa Dona Ana ndi wathu chifukwa tinaulipira ndife. Ndiye akufunsa kuti kodi agogowo ankanena zoona, kapena zinali nkhambakamwa chabe? Nanga mlatho wa m'dziko la eni ungalowe bwanji m'mbiri yathu?

Mayi, agogo anu sankanama ayi.

Nkhaniyi inayambira kwanu komweko, kuchigwa cha Shire. Njanji yoyamba inachokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Atsamunda ankaganiza kuti katundu akatsika pa njanji azinyamulidwa ndi sitima za pamadzi mpaka kunyanja yamchere. Koma madzi a mu Shire anachepa, sitima n'kumakakamira pamchenga. Anatalikitsa njanjiyo mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ina yochokera kufupi ndi doko la Beira inafika ku Murraça, tsidya linalo. Njanji ziwiri kumangoyang'anizana, pakati pali chimtsinje.

Taganizani ntchito yake. Fodya, tiyi ndi thonje zitsitsidwe m'mabogi, zikwezedwe m'maboti, ziwoloke, kenako zikwezedwenso m'mabogi ena. M'chilimwe madzi ankachepa, dzinja likafika ankasefukira n'kumiza madoko. Katundu ankangokhala pagombe kudikira kuti mtsinje ulole.

Mlathowu unabwera kudzathetsa zimenezi. Anaumanga chakumtunda, pakati pa Sena ndi Mutarara, ndipo unatsegulidwa mu 1935. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 3.7, moti pa nthawiyo munalibe mlatho wa njanji wouposa mu Africa muno. Zigawo zake zikuluzikulu zachitsulo zilipo 33, chilichonse mamita 80. Omanga anali kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington ku England, yomwe inamanganso mlatho wa ku Victoria Falls mu 1905.

Tsopano pa mawu a agogo aja. Dziko linali la Apwitikizi, koma ofuna mlathowo anali Angerezi, ndipo ngongole ya njanjizi ndi mlatho womwe inagwera boma la Nyasaland. Ndalama za mlatho wokha zinaposa mapaundi 1 miliyoni. Unamangidwa chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa, mafakitale a zitsulo ku Britain akusowa ogula, ndipo alipo akatswiri a mbiri omwe amati ichi n'chimodzi mwa zomwe zinakankha ntchitoyi. Katundu wodutsapo sanachuluke monga ankayembekezera. Nanga boma losauka ngati la Nyasaland ndalama likanazitenga kuti? Mbali yaikulu ya chuma chake inali msonkho wa nyumba, uja ankathamangitsa nawo makolo athu m'midzi. Ndalama zomwe zikanamanga sukulu ndi zipatala zinkathera ku chiwongoladzanja. Munthu wa ku Dowa amene sanaionepo Zambezi analipirako mlatho umenewu osadziwa.

Apa ndipo ine ndimasiyana ndi anthu omwe amangouyamikira kukongola. Ndi wokongoladi, sindikana. Koma ukaona zitsulo zija zitandandalika pamwamba pa madzi, ukuonanso thukuta la anthu omwe sanafunsidwe n'komwe. Mwini wake lero ndi Mozambique, pamenepo palibe mlandu. Chathu ndi mbiriyo.

Komanso kwa Asena, Zambezi sanakhalepo malire. Abale ali ku Nsanje, ena ku Mutarara, ena ku Sena. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itavuta m'zaka za m'ma 1980, asilikali a Renamo anaphulitsa mbali ina ya mlathowu, njira yathu ya ku Beira n'kutsekeka. M'zaka zomwezo Malawi analandira othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo inu a ku Bangula simufunika kuuzidwa, munakhala nawo pakhomo.

Mu 1995 anaukonza kuti pazidutsa galimoto, mbali imodzi ikudikira inzake. Mu 2006 anautseka kuti aubwezere ku njanji, ndipo pofika 2009 ntchito inatha. Lero pamadutsa sitima za malasha ochokera ku Moatize kupita ku Beira. Chimene chimandisangalatsa ine ndi kanjira ka m'mbali mwake, momwe mumadutsa oyenda pansi, akabaza ndi amayi osenza malonda. Mlatho wa zaka zoposa 80, koma sunasanduke chinthu chongojambulitsapo zithunzi.

Chomvetsa chisoni chili kwathu kuno. Madzi atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, sitima inasiya kufika ku Bangula ndi ku Nsanje boma, ndipo ana ambiri a ku Nsanje anakula akungoona njanji itamera tchire. N'chifukwa chake mawu a agogo anu lero akumveka ngati nthano.

Ngati alipo anzawo a agogowo omwe akadali moyo, akhalitseni pansi, muwajambule mawu pa foni. Muwafunse mtengo wa tikiti, masiteshoni omwe sitima inkaima, ndi zomwe ankagula ku Sena. Mukandilemberanso mundiuzeko ngati agogo anali a pasiteshoni, kapena ankayenda ndi sitimayo mpaka kuwoloka.