Bambo anamwalira, atsibweni apeza kale wogula galimoto: kodi tiitane a okushoni?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Bambo ake anamwalira miyezi itatu yapitayo ku Zomba, ndipo sanasiye wilo. Anasiya amayi, ana anayi, galimoto ya Toyota Hilux, chigayo ndi katundu wa m'nyumba. Atsibweni ake akuti apeza kale munthu woti agule galimoto ndi chigayo pamodzi. Funso lake n'lakuti: kodi kuli bwino kulemba ntchito kampani ya okushoni, yogulitsa katundu popikisanitsa ogula pa mtengo, kuti igulitse zonse, kapena angosiyira achibale?

Pepani achemwali chifukwa cha zovutazi. Ndiyambe ndi mawu amene mwina simunawayembekezere: panopa musagulitse kanthu, ndipo munthu woyamba kumufuna si wa okushoni ayi.

Kuyambira 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Ngati palibe wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana, ndi amene ankadalira malemuwo. Atsibweni, ngakhale akhale a mtima wabwino chotani, alibe mphamvu yogulitsa galimotoyo. Kutenga kapena kugulitsa katundu wa masiye popanda chilolezo ndi mlandu woti munthu akhoza kukakhala kundende zaka 10. Amene angagulitse ndi yekhayo amene khoti lamupatsa kalata yoyendetsera chumacho, yomwe maloya amaitcha letters of administration. Choncho yambani ndi satifiketi ya imfa ya ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera, kenako banja ligwirizane woti akapemphe kalatayo. Ine ndikanakonda akhale amayi pamodzi ndi mmodzi wa ana amene ali kuno kumudzi. Ngati ndalama ya loya ikuvuta, pitani ku Legal Aid Bureau, kapena kafunseni kuofesi ya DC kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye.

Katundu wa m'nyumba musamuike n'komwe pamndandanda wogulitsa. Lamulo lomweli limati mkazi wamasiye amasunga katundu wa pakhomo pake. Mipando, bedi, mapoto, firiji, zonsezo n'za amayi. Akafuna okha kupereka jekete ya bambo kwa mchimwene wa malemuwo tsiku logawa zovala, mtima ndi wawo.

Pa galimoto ndi chigayo m'pamene katswiri amafunikadi, ndipo pano ndilankhule zimene ndinaona ndi maso. Amalume anga atamwalira, anasiya makina osokera a Singer atatu ndi njinga yamoto. Maliro asanazizire, kunabwera dobadoba wina atanyamula ndalama mu jumbo yakuda, akuti akutithandiza. Tinali ndi ngongole ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro, ndiye tinalandira. Ndimakumbukirabe azakhali ataima pakhomo la shopu, akuyang'ana madontho a oilo pasimenti pamene panali makinawo. Patatha mwezi tinapeza amodzi mwa makinawo akugulitsidwa mumsika pamtengo woposa umene tinalandira pa onse atatu. Panalibe amene anatibera mokakamiza. Tinangogulitsa tisakudziwa mtengo, mitu ili yozunguzika.

N'chifukwa chake ndikuti mulipire munthu wodziwa kuwerengera mtengo wa katundu, valuer wovomerezeka, alembe lipoti lake papepala. Galimoto ionedwenso ndi makaniko amene sakudziwana ndi wogulayo. Lipotilo mulitumize pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti aliyense aone. Likatero, ngakhale wogula wa atsibweni uja akhoza kubwera, bola afike pamtengowo. Mwinanso ndi munthu wachilungamo, tisamuweruziretu.

Nanga okushoni? Ubwino wake ndi woti zonse zimachitika poyera, pali malisiti, ndipo palibe m'bale amene adzanenedwe kuti anadya ndalama. Kwa inu amene muli kutali, zimenezi n'zamtengo wapatali. Koma amadula gawo lawo pa ndalama zogulitsira, ndipo ogula a kumeneko amabwera kudzafuna zotchipa. Mukasankha njira imeneyi, mugwirizane molemba mtengo wotsikitsitsa umene katunduyo sangagulitsidwe pansi pake, gawo lawo, ndi tsiku lopereka ndalama. Ndalamazo zilowe ku akaunti ya kubanki imene banja lonse likuidziwa, osati pa foni ya munthu mmodzi. Blue book ya galimoto ikhale m'manja mwa amayi mpaka tsiku lokasintha umwini ku Road Traffic.

Chigayo chokha ndikupempheni muganize kawiri. Ngati chikugaya tsiku ndi tsiku, ndicho chimene chikugulira amayi ndiwo ndi magetsi. Afunseni iwowo, inu nokha pafoni popanda wina womvetsera, ngati akufunadi kuti chichoke.