Achemwali a ku Namwera, musathamangire kulipira fomu

Achemwali, mwafunsa zinthu zitatu: koleji yapulaiveti yotsikirako mtengo yoti mwana wanu wamkazi akalowe poti sanasankhidwe ku mayunivesite aboma ndi mapointi ake 19, ngati ndalama zomwe bambo ake amatumiza kuchokera ku Joni zingakwanire, komanso laputopu yoti mumugulire. Za laputopuzo ayankhe anyamata. Ine ndinena za ndalama ndi mapepala, chifukwa ndidalipirirapo mwana wa malemu achimwene anga mpaka kumaliza.

Musatumize ngakhale ndalama ya fomu musanaone mndandanda wa NCHE. Bungwe limeneli ndi lomwe limalembetsa ndi kuvomereza sukulu zaukachenjede m'dziko muno, ndipo limatulutsa mayina a makoleji pamodzi ndi makosi omwe lawavomereza. Pomwe anthu amagwera m'mbuna ndi pamakosipo. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino, chikwangwani chachikulu pamsewu, koma kosi yomwe mwana wanu akufuna isanavomerezedwe. Mukawafunsa amati "zili m'njira, a NCHE abwera mwezi wamawa". Musalipire pa mawu amenewo. Fufuzani dzina la kosiyo pamndandanda, ndipo ngati kolejiyo ili ndi nthambi zingapo, funsani ngati chilolezo chikukhudza nthambi yomwe mwana akaphunzire. Akafuna zaunamwino onjezerani kufunsa a Nurses and Midwives Council, akafuna zachipatala za clinical funsani a Medical Council, chifukwa popanda iwowa palibe chipatala chingamulembe ntchito.

Tsopano za ndalama. Mtengo wolembedwa pakapepala kotsatsa ndi wokukokani kuti mulowe pageti basi. Kumene ankaphunzira mwana wathuyu, ku Blantyre, koleji sinditchula, semesita iliyonse pankakhala yolembetsera, ya laibulale, ya makompyuta, yachipatala, ya bungwe la ophunzira, ina ya mayeso payokha. Akalephera phunziro, mayeso obwereza, omwe amati sapu, ndi olipira. Chaka cha atachimenti, chokaphunzira pamalo antchito, fizi mumalipira yonse ngakhale mwana sakulowa m'kalasi, kwinaku mukumufunira nyumba ndi thiransipoti komwe wapezako malo. Pomaliza gauni nayo ndi yobwereka ndi ndalama.

Tidayamba tikulipira cha m'ma 600 sauzande pa semesita, pomaliza inali itadutsa miliyoni. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 adakweza. Itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 adakwezanso, ndipo ulendo umenewu kalata idabwera pa WhatsApp semesita ili pakati, ife titamaliza kale kulipira mtengo wakale. Ankati tiwonjezere yotsalayo mayeso asanayambe. Ndidaimba foni kuofesi kuti atipatse masabata awiri, wina adandiyankha kuti palibe vuto. Tsiku la mayeso mwana akundiimbira mamawa ali pakhomo la holo akulira, dzina lake mulibe pa pepala lomwe amata pachitseko, mlonda wamubweza. Ine ndili pa boma pano ku Mangochi, ndalama ndabwereka, ndaima pa ejenti wa Airtel Money, a kukoleji akuti salandira za pafoni koma silipi ya kubanki. Pofika kutsogolo kwa mzere ku banki pepala linali litatha kalekale. Uja adati palibe vuto sadapezekenso. Mayesowo adadzalemba patapita miyezi, ndipo tidalipiranso.

N'chifukwa chake ndikuti chilichonse chomwe angakulonjezeni pa kalipiridwe, kaya n'kulipira pang'onopang'ono kaya n'kudikiridwa, chikhale cholembedwa, chosainidwa, chodindidwa. Muwafunsenso maso ndi maso kuti zaka zitatu zapitazi fizi yakwera kangati, ndipo ikakwera imakhudza ophunzira akale kapena atsopano okha. Akayamba kuzungulira poyankha, mwamva kale.

Fizi ndi theka chabe la nkhani. Makoleji ambiri apulaiveti alibe malo ogona okwanira, ndiye ana amachita lendi kunja, anayi chipinda chimodzi, aliyense kulipira payekha. Onjezani makala, ndiwo, sopo, bandulo ya intaneti, kupulinta ma asainimenti, minibasi. Ife tinkatumiza thumba la ufa ndi usipa wouma pa basi kuti mwana azingogula masamba, komabe mwezi ukamatha foni imalira. Kuwerengera kwanga n'kwakuti mtengo uliwonse wa fizi womwe akuuzani, ikani wina wofanana nawo pambali wa kukhala ndi kudya. Mukaona kuti ziwirizo pamodzi simungazikwanitse kwa zaka zinayi, musayambe. Mwana wosiyira chaka chachiwiri amabwera kumudzi wopanda pepala lililonse, ndalama zitapita, ndipo koleji siyitulutsa ngakhale zotsatira zake ngati pali ngongole.

Za ndalama za ku Joni ndilankhula mosabisa, poti tonse kuno tili ndi abale kumeneko. Randi ukasintha imaoneka yambiri, koma sibwera pa tsiku loikika. Mwezi uno bambo atumiza, mwezi wamawa ganyu yatha kapena mapepala avuta, pomwe tsiku la mayeso silisuntha. N'chimodzimodzi anzathu odalira nyanja ku Makawa ndi ku Malembo, nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi nthawi yomweyo makoleji ambiri akufuna zotsala zawo. Ngati mwatsimikiza za pulaiveti, sonkhanitsani kaye ya chaka chathunthu, ikhale ku akaunti yapadera yomwe simutapako za maliro kapena feteleza, kenako mwana ayambe. Ndipo katapila musamuyandikire. Banki m'khonde ingakuthandizeni pa kadzenje kakang'ono, koma fizi ya semesita yonse siyotengera kumeneko, chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi chidzakudyerani mbuzi zonse.

Ndaona ena ayankha kuti "musadandaule, ngongole ya boma ilipo". Kaya adayesapo okha kaya adangomva. Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, lilipodi kuyambira 2015, ndipo limathandizanso a m'makoleji apulaiveti ovomerezeka ndi NCHE. Koma opempha ndi ambiri kuposa ndalama, si aliyense amalandira, ndipo wolandirayo asayembekeze kuti zonse zatheka. Pemphani ndithu, nthawi yake ikafika musachedwe, koma musaiwerengere ngati ndalama yomwe ili kale m'manja. Ndi ngongole, adzabweza akayamba ntchito. 

Ndikadakhala ine, ndi mapointi 19 ndikadayesanso ku boma. NCHE ikamaitana mafomu imalandiranso omwe adalemba MSCE zaka zingapo zapitazo, bola akhale ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ana ambiri amagwa posankha makosi. Aliyense amafuna zamalamulo ku UNIMA, zaudokotala ku KUHeS, zauinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, komwe kumadzaza a mapointi 6 mpaka 10. Akhale pansi ndi mphunzitsi wodziwa, aone makosi a ku LUANAR ndi ku MZUNI omwe akugwirizana ndi maphunziro omwe adakhoza bwino. Ku bomanso fizi ikukwera, mukukumbuka mu 2016 ophunzira a UNIMA adachita zionetsero pa nkhani yomweyi, ndipo chikwerereni sinatsikeko kwenikweni. Komabe kusiyana kwake ndi pulaiveti n'kwakukulu.

Musaiwalenso kuti kuno kwathu kuli sukulu. DMI St John the Baptist University ili konkuno ku Mangochi. Mitengo yawo mukafunse nokha, ndipo za mndandanda wa NCHE zija muchite chimodzimodzi, koma ngati muli ndi m'bale wodalirika pa boma woti mwana azigonako, mwapulumutsa lendi ndi thiransipoti ya ku Blantyre, komanso vuto likagwa mukwera galimoto m'mawa n'kukaonana nawo nokha. Ku Mpwepwe kuli Malawi College of Fisheries, yomwe ana athu amaidutsa ngati saiona chonsecho nyanja ili pakhomo. Ngati ali ndi mtima wauphunzitsi kuli Maryam Girls TTC konkuno, Machinga TTC, ndi Domasi College of Education ku Zomba ya aphunzitsi a sekondale, ngakhale a pulayimale ambiri akhala akudikira nthawi yaitali boma lisanawalembe ntchito. Zaluso za TEVETA monga ku Nasawa Technical College anthu amazinyoza, koma taonani amene akuika magetsi ndi mapaipi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjamu, ambiri ndi ochokera kutali.

Kanthu kena musanatumize fomu iliyonse: yerekezani dzina la mwana pa satifiketi ya MSCE ndi pa chiphaso chaunzika. Kuno kwathu dzina limodzi timalilemba mitundu itatu, kwina Yusufu kwina Yusuf kwina Usufu, ndipo tsiku lobadwa limasiyananso. Zikasiyana mafomu a pa intaneti amavuta, ndipo kukonzetsa ku MANEB kapena ku NRB, komwe amapereka ziphaso zaunzika, si kwa tsiku limodzi. Yambani pano. Masilipi onse a kubanki muziwajambula pafoni tsiku lomwelo, inki yake imafufutika.