Funsani za R: Mizere yanga yapita kuti?

Makalata a mwezi uno ambiri ndi a nkhani imodzi, data frame mu R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta. Ena achokera kwa ophunzira amene akulemba pepala lomaliza, ena kwa anthu a M&E (olondoloza ndi kuunika ntchito) a m'mabungwe amene Excel yawafika pakhosi. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula chifukwa munalemba tsamba lathunthu funso lili mawu asanu.

FUNSO: Akulu, supavaiza wandiuza ndisiye SPSS ndiyambe R, ndiye paliponse akungoti data frame data frame. Ndi chani kwenikweni, si Excel yomweyo? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mukaiona pa sikirini eya imaoneka ngati Excel, mizere ndi makolamu, koma malamulo ake ndi okhwima. Taganizani kaundula wa m'kalasi, mwana aliyense mzere wake, kenako kolamu ya dzina, ya zaka, ya mudzi. Mu data frame makolamu onse amatalika chimodzimodzi ndipo kolamu iliyonse imasunga zinthu za mtundu umodzi basi, kaya manambala, kaya mawu, kaya madeti. Excel imakulekererani kulemba "sanabwere" pakati pa manambala osadandaula, pomwe R ikapeza mawu amodzi okhawo pakati pa manambala 500 kolamu yonse imasanduka ya mawu, simungawerengetsenso kanthu. Nchifukwa chake fayilo ikangolowa, musanachite china chilichonse lembani str(ana), ana kukhala dzina la data frame yanu, ikuonetsani kuti mizere ilipo ingati, makolamu angati, ndipo iliyonse R yaitenga ngati chani. Mukaona chr, kutanthauza mawu, pa kolamu ya zaka dziwani kuti muli chitsotso m'menemo. Theka la makalata ali m'munsiwa sakanalembedwa anthu akanayamba ndi str.

Asupavaiza musawakwiyire. R ndi yaulere, palibe za layisensi, ndipo si yachilendo, anaiyamba ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland ku New Zealand, 1.0.0 inatuluka mu 2000, pomwe nzeru ya data frame anaitenga ku S, chinenero cha ku Bell Labs chomwe chinalipo kale.

FUNSO: Moni. Ndimagwira ntchito pa chipatala china ku Dedza, ndili ndi deta ya ana a kusikelo. Ndikalemba mean(ana$kulemera) ikungonditulutsira NA koma manambala alimo ndikuwaona ndi maso angawa. Yalodzedwa? Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Sinalodzedwe mayi. Pali mwana mmodzi kapena angapo amene sikelo yawo sinalembedwe, NA nchizindikiro cha R cha malo opanda kanthu, ndiye R ikukana kukupatsani avareji ya gulu lomwe ena sakudziwika. Mukalemba mean(ana$kulemera, na.rm = TRUE) ituluka pompo, chifukwa mwaiuza kuti isiye ma NA. Koma musathamangire, yambani mwawerenga kuti osowawo ndi angati, sum(is.na(ana$kulemera)). Akakhala 3 mwa ana 400 palibe nkhani, akakhala 150 avareji yanuyo ndi ya ana amene anabwera tsiku lomwe sikelo inali bwino basi, ndipo mu lipoti muyenera kunena zimenezo. Onaninso kuti ndalemba is.na, osati == NA, chifukwa mukafunsa R ngati chinthu chili chofanana ndi NA yankho lake ndi NA yomweyo.

Ine chomwe chimandiopsa si NA ayi, NA imakuwa yokha mumaiona. Choopsa ndi 99 ndi 999 ndi -99 zija olowetsa deta amaika pamene munthu sanayankhe. R sidziwa kuti 99 ndi chizindikiro, imangoona khanda la makilo 99, avareji nkukwera mwakachetechete popanda ngakhale chenjezo. summary(ana) imaonetsa nambala yayikulu ndi yaying'ono ya kolamu iliyonse, mukapeza zotere zisandutseni nokha, ana$kulemera[ana$kulemera == 99] <- NA. Ena amaika 99 mu na.strings powerenga fayilo, zimatheka koma zimakhudza makolamu onse, nde agogo a zaka 99 nawonso amasowa.

China chaching'ono, mukasankha mizere ndi ana[ana$kulemera < 10, ] mupeza mizere ya mizukwa, NA kuyambira kolamu yoyamba mpaka yomaliza. Ndi ana osowa sikelo aja. subset kapena filter ya dplyr (pakeji yowonjezera mu R) sizitulutsa mizukwa, zimangowataya anawo osakuuzani, choncho muzidziwa kuti atayidwa.

FUNSO: Aise, ndatsitsa deta ku KoboToolbox, manambala a foni onse ziro woyambirira wathawa, komanso kolamu ya ndalama ikukana kuphatikiza. Ndinayesa as.numeric yandipatsa 1, 2, 3 m'malo mwa ndalama. Mnyamata wa M&E, Lilongwe

YANKHO: Mavuto atatu pa kalata imodzi achimwene. Nambala ya foni si nambala, palibe amaphatikiza 0888 ndi 0999. read.csv ikaona madijiti okhaokha imati iyi ndi nambala, ziro wakutsogolo nkumuchotsa. Iuzeni pasadakhale, read.csv("mabanja.csv", colClasses = c(foni = "character")). Chimodzimodzi ma ID, makodi a sukulu, makodi a midzi, zonsezo zilowe ngati mawu. Ndipo ngati CSV munaitsegula kaye mu Excel nkusevanso, ziro anafera komweko, R sangamudzutse, tsitsaninso fayilo.

Ndalama zikukana chifukwa wina analemba K12,500. K uja ndi koma uja zapangitsa kolamu yonse kukhala mawu. Chotsani ndi as.numeric(gsub("[K,]", "", mabanja$ndalama)) kapena parse_number ya mu readr yomwe imatola manambala okha. Ikakuchenjezani kuti NAs introduced by coercion musangodutsa, pitani mukaone mizere yomwe yasanduka NA, mupezamo zinthu ngati "sakudziwa" kapena "5000 mpaka 6000".

Za 1, 2, 3 zo, kolamu yanu ndi factor. Factor imasunga mawu pamwamba koma pansi pake ili ndi makodi, ndiye 30, 5, 12 mukaipanga as.numeric mumapeza 2, 3, 1, chifukwa yazisanja ngati mawu, 12 kenako 30 kenako 5. Njira yake ndi as.numeric(as.character(x)). Kale read.csv inkasandutsa yokha mawu onse kukhala factor, anasintha pa R 4.0.0 mu 2020, ndiye ngati zikukuchitikiranibe mwina R ya pa laputopu yanu ndi yakale, kapena mwakopera khodi yakale yomwe ili ndi stringsAsFactors = TRUE.

FUNSO: Ndikugwiritsa ntchito IHS5 ya NSO. Ndalumikiza mafayilo awiri ndi merge, mizere yachuluka kuposa yomwe ndinali nayo. Mnzanga wachita zomwezo pa deta ya maboma, iye mizere yachepa. Walakwa ndani? Wa masters, Lilongwe

YANKHO: Apa khalani pansi chifukwa mpomwe anthu ambiri amagwera osadziwa kuti agwa. merge sikuwa, sikana, imangokupatsani tebulo looneka bwinobwino.

Tiyambe ndi inu. IHS5, kafukufuku wa mabanja amene ofesi ya boma ya ziwerengero (NSO) inachita mu 2019 mpaka 2020, ili ndi mabanja oposa 11,000 koma imabwera m'mafayilo ambirimbiri ndipo mzere sutanthauza chinthu chimodzi m'mafayilo onsewo. Mu fayilo ina mzere umodzi ndi banja, mu ina ndi munthu wa m'banjamo, mu ina ndi chakudya chomwe banjalo linadya, mu za ulimi ndi munda kapena mbewu. Chowalumikiza, kapena kuti kiyi, ndi case_id, nambala ya banja lililonse. Mukalumikiza fayilo ya mabanja ndi ya anthu, banja la anthu 6 lituluka ka 6, ndipo zimenezo nzoyenera bola mukudziwa kuti tsopano mzere ndi munthu. Vuto limabwera mukaiwala nkupanga avareji ya chinthu cha banja pa tebulo limeneli, mabanja akuluakulu amawerengedwa kambiri nkukokera yankho mbali yawo. Zoipitsitsa ndi pomwe case_id ikubwerezabwereza mbali zonse ziwiri, mwachitsanzo anthu 6 uku ndi minda 3 uko, R imakwatitsa aliyense ndi munda uliwonse, banja limodzi mizere 18, ndiye mukaphatikiza maekala munda uliwonse wawerengedwa ka 6. Ngati mafayilo onse awiri ndi a anthu lumikizani ndi makiyi awiri, case_id ndi PID (nambala ya munthu m'banjamo), osati case_id yokha. Ngati ina ndi ya minda iphatikizeni kaye kuti banja lililonse likhale ndi mzere umodzi, kenako lumikizani.

Musanalumikize funsani fayilo iliyonse, sum(duplicated(mabanja$case_id)). Ikayankha 0 ndiye kuti kiyi sikubwereza. Lembaninso nrow musanayambe ndi mukamaliza, manambala awiriwo muwayang'ane ndithu osati kungowatulutsa. Onaninso ma ID opanda kanthu, chifukwa NA ya uku imakwatirana ndi NA ya uko, merge ndi left_join ya dplyr zonse zimatero mukapanda kuziletsa.

Mnzanuyo vuto lake ndi lina. merge mukaisiya yokha imasunga mizere yokhayo yomwe yapeza mnzake mbali inayo, yotsalayo imataya. Maboma ndi 28 koma iye watsala ndi ochepa chifukwa uku analemba Nkhata Bay uko Nkhatabay, uku Nkhotakota uko Nkhota Kota, kwina Mulanje ili ndi sipesi kumapeto yosaoneka ndi maso, kwina NTCHEU ndi zilembo zazikulu. Kwa inu ndi ine ndi boma limodzi, kwa R ndi mayina awiri osadziwana. Aike all.x = TRUE kapena agwiritse left_join kuti mizere yake isatayike, kenako anti_join(a, b, by = "boma") imuonetse omwe asowa anzawo. trimws ichotsa masipesi, tolower ichepetsa zilembo, zotsalazo akonze pamanja, ndi zochepa. Palinso nkhani ya mizinda, matebulo ena a NSO amalemba Lilongwe City, Blantyre City, Zomba City ndi Mzuzu City paokha pomwe tebulo lina linawaphatikiza ku maboma awo, pamenepo si sipelo, muyenera kusankha nokha kuti mutani.

Ine pa zolumikiza ndimakonda dplyr, chifukwa kuyambira 1.1.1 ya mu 2023 imachenjeza kiyi ikamabwereza mbali zonse, ndipo mutha kuiuziratu relationship = "many-to-one" kuti ikapeza zosiyana ndi zomwe mukuganiza iyime pomwepo.

FUNSO: Madeti anga ochokera mu Excel akutuluka 44927, ena akuti chaka cha 3. Mlongo wanu, Mzuzu

YANKHO: Excel imasunga deti ngati chiwerengero cha masiku achemwali, 44927 ndi 1 January 2023. as.Date(44927, origin = "1899-12-30") ikubwezerani. Chaka cha 3 cho chabwera chifukwa munalemba as.Date("03/04/2023") osaiuza kalembedwe, nde R yatenga 03 ngati chaka. Ife timayamba ndi tsiku, choncho onjezani format = "%d/%m/%Y", Y wamkulu ngati chaka chili madijiti anayi. Koma fufuzani kuti fayilo inachokera pa kompyuta yotani, ina inatcheredwa Chimereka ndipo 03/04 kwa iyo ndi 4 March osati 3 April. Mukaona nambala yoposa 12 pakatipo mwadziwa.

FUNSO: Ndachotsa kolamu ndi select, yaoneka kuti yachoka, ndikatsegulanso ilipobe. Wotopa, Blantyre

YANKHO: R yangokuonetsani m'mene zingaonekere, sinasunge. Lembani ana2 <- select(ana, -mudzi). Ndipo perekani dzina latsopano chonchi m'malo molemba pamwamba pa ana, kuti zikasokonekera mukhale ndi pobwerera.

FUNSO: Ndikufuna avareji ya boma lililonse pa deta ya DHS koma manambala anga sakufanana ndi a mu lipoti. Mphunzitsi, Mangochi

YANKHO: Kugawa kwake nkosavuta aphunzitsi, amayi |> group_by(boma) |> summarise(avareji = mean(zaka, na.rm = TRUE), angati = n()). Kapaipi ako ka |> kanabwera ndi R 4.1.0 mu 2021, yanu ikakhala yakale gwiritsani %>%. Ndaikapo dala n() kuti muziona kuti avareji iliyonse yachokera pa anthu angati. Koma kusiyana ndi lipoti sikuli pamenepo. DHS, kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, sinatenge anthu mofanana m'madera onse, kwina anatenga ochuluka kuposa gawo lawo m'dziko, nchifukwa chake munthu aliyense ali ndi weight yake, nambala yosonyeza gawo la anthu lomwe akuimira. Mu fayilo ya amayi ndi v005, muigawe ndi 1,000,000 kenako weighted.mean m'malo mwa mean. Mukafuna ma confidence interval weighted.mean siikwana, pafunika pakeji ya survey yomwe imaganizira ma cluster ndi ma strata. Ndipo ngati mwatsitsa fayilo ya Stata iwerengeni ndi read_dta ya mu haven, as_factor ikusandutsirani makodi kukhala mayina.

FUNSO: Ndiphunzire dplyr kapena R yeniyeni ya mabulaketi? Bandulo yanga ndi yochepa. Wa chaka choyamba, Thyolo

YANKHO: Zonse ndi R yeniyeni mphwanga. Mabulaketi muwadziwe, ana[mizere, makolamu], chifukwa khodi ya anthu ena mudzaiwerenga mufune musafune, ndipo kumbukirani kuti mukasankha kolamu imodzi yokha imasiya kukhala data frame pokhapokha muike drop = FALSE. Ntchito ya tsiku ndi tsiku dplyr ya Hadley Wickham imawerengeka bwino, ma verb ake asanu aja, filter, select, mutate, arrange ndi summarise, akufikitsani kutali. data.table muisiye kaye mpaka mudzakumane ndi mizere mamiliyoni. Za bandulo, simukufunika gulu lonse la mapakeji lotchedwa tidyverse, install.packages("dplyr") yokha ndi yopepukirapo, onjezani readxl ndi haven tsiku lomwe mwapeza WiFi ya kusukulu. Zikalowa zalowa, library(dplyr) sifuna intaneti, ndipo ?left_join imatsegula malangizo omwe ali kale mu laputopu mwanumo.