Windows yakana kuyaka pa hard disk yokhala ndi cache ya SSD

Mwafunsa chifukwa chake USB yokonzera Windows sikuiona disiki yanu, komanso ngati mungaichotse n'kukaikonzera pa kompyuta ina. Musaichotse kaye.

Cache imeneyi ndi ka SSD (kadisiki kothamanga) kosungirako zinthu kwakanthawi kuti kompyuta izifulumira. Imayendetsedwa ndi Intel Smart Response, yomwe ili ndi njira ziwiri. Pa Enhanced, chilichonse chimalembedwa pa SSD ndi pa hard disk nthawi imodzi. Pa Maximized, chimayamba chafikira pa SSD, n'kumatsikira pa hard disk pambuyo pake. Ndiye ngati magetsi anathima muli pa Maximized, mafayilo ena akadali pa ka SSD kaja. Mukayendetsa chkdsk (pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza disiki) pa hard disk payokha, imaona ngati mafayilo aonongeka, n'kudula zomwe zikanapulumuka. Apa ndi pomwe ambiri amaluzira zinthu.

Poyatsa kompyuta dinani Ctrl+I kuti mutsegule menyu ya Intel yoyang'anira madisiki, lowani pa Acceleration Options, dinani S kuti zonse zitsikire pa hard disk. Zikatha, dinani R kuchotsa cache. Mu BIOS (menyu yomwe mumalowamo Windows isanayake), SATA, yomwe ndi njira yolumikizira madisiki, ikhalebe pa RAID, poti cache imadalira imeneyo. Mukaisinthira ku njira ina ya AHCI, Windows imaima pa chinsalu chabuluu cha INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.

USB ija sikuiona disiki chifukwa ilibe dalaivala wa RAID, pulogalamu yothandiza Windows kuona disiki yomwe ili pa RAID. Koperani dalaivala ameneyu, wotchedwa Intel RST (Rapid Storage Technology), wa kompyuta yanuyo pa USB yomweyo, mumulowetse ndi lamulo la drvload mu Command Prompt (polembera malamulo) ya pa USB ija. Disiki ikaoneka, sungani kaye mafayilo ofunika kwina, kenaka chkdsk /f ndi Startup Repair.

Pobwezeretsa cache, sankhani Enhanced. Imachedwako pang'ono polemba, koma magetsi akathima mafayilo sakhala atatsalira pa SSD.